Melanoma itachotsedwa: zimene zimaibweza ndi mmene mungadziyang'anire kuno ku Joni

Dokotala akanena kuti "tachotsa yonse", amakhala akunena zimene zaoneka pa kachidutswa ka khungu kamene anadula. Sangalumbire za maselo amene mwina anali atachoka kale pamalopo mpeni usanafike. N'chifukwa chake khansa ya pakhungu ya melanoma, ngakhale yogwidwa msanga pa siteji 1 kapena 2, imatha kubwerera patapita miyezi kapena zaka. Kwa anthu ambiri sibwerera. Koma chiopsezocho sichifanana kwa aliyense, ndipo kusiyana kwake kunalembedwa papepala limene odwala ambiri amatuluka m'chipatala osaliona n'komwe, lipoti la ku labotale.

Yambani ndi kupeza pepala lanu

Kachidutswa kodulidwa m'zipatala za boma, kaya ku Charlotte Maxeke ku Parktown, ku Chris Hani Baragwanath ku Soweto kapena ku Helen Joseph, kamapita ku labotale ya National Health Laboratory Service, imene ambiri amangoti NHLS. Amene anapita kwa dokotala wapulaiveti, kawo kamapita ku malabotale monga Lancet kapena Ampath. Lipoti limabwera m'Chingerezi ndipo pamwamba pake pamakhala nambala. Pemphani kope lake, kapena pemphani kuti mulijambule ndi foni, masamba onse, nambalayo ikuoneka bwino. Labotale imasunga kachidutswako m'phula kwa zaka, ndipo dokotala wina akafuna kukaonanso kapena kukayeza zina, nambalayo ndi imene amafunsa. Malipoti amakhala awiri kapena atatu: la kudula koyamba kofufuzira, la opaleshoni yachiwiri yokulitsa malo, ndi la mwanabere ngati anachotsedwa. Lofunika kwambiri ndi loyambalo, chifukwa ndi limene linayeza chotupa chenicheni.

Mzere woyamba kuufunafuna ndi wolembedwa Breslow thickness. Uku ndi kuzama kwa chotupa m'mamilimita, kuchokera pamwamba pa khungu kufika pa selo la khansa lotsikitsitsa. Muyezowu anaukhazikitsa Alexander Breslow mu 1970, ndipo mpaka lero ndi umene umalosera bwino kwambiri ngati melanoma ya pakhungu idzabwerera. Kutambalala kwa banga kulibe mphamvu yofanana ndi imeneyi. Banga la masentimita awiri m'lifupi koma losazama lingakhale labwinoko kusiyana ndi kachiphuphu kakang'ono kolowa pansi, chifukwa mitsempha ya magazi ndi timitsempha ta madzi a m'thupi tili m'kati mwa khungu, ndipo khansa ikazama imapeza potulukira.

Khadi la ku banki limene lili m'chikwama mwanu ndi lochindikala mamilimita 0.76. Malire oyamba pa muyezo wa Breslow ali pa mamilimita 0.8, ndiye mukaliyang'ana cham'mbali khadilo mwaona kuchepa kwa malo amene nkhani yonseyi yagona. Ndondomeko ya AJCC, bungwe la ku America lokonza masiteji a khansa, imene madokotala akhala akutsatira kuyambira 2018 imagawa motere. Chotupa chosafika 0.8 ndiponso chopanda chilonda ndi T1a. Cha 0.8 mpaka 1.0, kapena chosafika 0.8 koma cha chilonda, ndi T1b. Chopitirira 1 mpaka 2 ndi T2, chopitirira 2 mpaka 4 ndi T3, chopitirira 4 ndi T4. Kuyambira pa T2, chilembo a chimatanthauza kuti panalibe chilonda, b kuti chinalipo.

Yang'anitsitsani ngati patsogolo pa nambala ya Breslow palembedwa mawu akuti at least, kapena ngati lipoti likunena kuti chotupa chinadulidwa pansi pake. Zimenezi zimachitika dokotala akameta chotupa pamwamba m'malo mochizungulira n'kuchichotsa chonse. Mbali yozama imatsala m'thupi, ndipo nambala yolembedwayo imakhala yochepa kusiyana ndi kuzama kwenikweni. Munthu angauzidwe kuti ndi wa siteji 1 pamene si choncho. Zikatero funsani zimene opaleshoni yachiwiri inapeza pansi pa chipsera.

Mzere wachiwiri ndi ulceration, ndipo pambali pake pamalembedwa present kapena absent. Chilonda chimenechi ndi chimene katswiri wa ku labotale waona pa maikulosikopu: khungu la pamwamba pa chotupa linadyeka lokha, osati chifukwa chokanda kapena kudulidwa. Chimasonyeza khansa yokula mofulumira, ndipo chimakweza siteji ngakhale kuzama kukhale komweko. T2a ndi siteji 1B koma T2b ndi 2A. T3a ndi 2A koma T3b ndi 2B. T4a ndi 2B, ndipo T4b, chotupa chopitirira mamilimita 4 chokhala ndi chilonda, ndi 2C.

Ziwerengero zimene anagwiritsa ntchito pokonza ndondomekoyi, zofalitsidwa mu 2017, zinaonetsa kuti patatha zaka 10, mwa anthu 100 a siteji 1A, 98 anali asanamwalire ndi melanoma. Pa 1B anali 94, pa 2A 88, pa 2B 82, pa 2C 75. Chimene ambiri sachiyembekezera n'chakuti pa siteji 3A, pamene khansa pang'ono yafika kale mwa mwanabere koma chotupa choyamba chinali chopyapyala, anali 88. Ndiye kuti wa 2B kapena 2C ali pachiopsezo chachikulu kuposa wa 3A, ndipo mawu oti "ndi siteji 2 chabe" sayenera kumugoneka tulo. Dziwaninso zinthu ziwiri. Ziwerengerozi zikunena za imfa, ndipo amene khansa inawabwerera ndi ochulukirapo, popeza ena anachiritsidwanso. Komanso ambiri mwa odwala amene anawerengedwa anali azungu a ku Australia, ku Ulaya ndi ku America, pamene melanoma yathu ya kuphazi kawirikawiri zotsatira zake zimakhala zoipirapo.

Mizere ina ndi yaifupi koma musaidumphe. Mitotic rate ndi chiwerengero cha maselo amene anapezeka akugawikana pa kamalo ka milimita imodzi mbali zonse. Ziro ndiye wabwino, ndipo nambala ikamakwera chiopsezo chimakweranso. Muyezowu unachotsedwa pa kawerengedwe ka siteji mu 2018, koma madokotala amauganizirabe, makamaka pa chotupa chopyapyala. Lymphovascular invasion ikalembedwa present, maselo a khansa anaoneka ali kale m'kati mwa timitsempha. Perineural invasion ndi khansa yoyenda motsatira minyewa, imene imakonda kubwerera pachipsera pomwepo. Microsatellites ndi timagulu ta maselo topatukana ndi chotupa chachikulu, ndipo tikapezeka, matendawa amawerengedwa ngati siteji 3 ngakhale anabere ali bwino. Pomaliza pali margins, malire a kachidutswa kodulidwa. Clear ndi kuti m'mphepete munalibe khansa, involved ndi kuti inafika m'mphepete ndipo pafunika kudulanso.

Chifukwa chake phazi limavuta

Kwa anthu akhungu lakuda melanoma ndi yosowa poyerekeza ndi azungu, koma ikabwera imakonda pansi pa phazi, pachidendene, pachikhatho ndi pansi pa chikhadabo. Lipoti limaitchula kuti acral lentiginous melanoma. Woimba Bob Marley anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36 ndi melanoma imene inayambira pansi pa chikhadabo cha chala cha kuphazi. Mtundu uwu suyambitsidwa ndi dzuwa.

Imabwerera kwambiri pa zifukwa zingapo zogwirizana. Choyamba, imapezeka mochedwa. Munthu wogwira ntchito ya m'galadeni, ya zomangamanga kapena ya ulonda amavala jombo mdima usanathe n'kudzazivula usiku, ndipo pansi pa phazi sapaona. Akapaona amaganiza kuti ndi njerewere, minga yakale, tekenya, mafangasi, magazi oundana chifukwa chopunthwa, kapena chilonda cha shuga. Kwa amene ali ndi HIV, banga lakuda kuphazi limaganiziridwanso kuti ndi khansa ya Kaposi, ndipo ziwirizi zimasiyanitsidwa ndi labotale yokha. Pofika tsiku lodula, chotupa chimakhala chitazama ndiponso chili ndi chilonda.

Chachiwiri ndi zimene zinachitidwa pachotupa labotale isanachione. Kuchipala ndi lumo, kutemerapo mphini, kumatapo pulasitala wa mankhwala a njerewere wa ku famase, kapena kuchiwotcha kuchipatala popanda kutumiza kanthu kokayeza, zonsezi zimawononga mbali ya pamwamba n'kusiya ya pansi. Kuzama kwenikweni sikudziwikanso. Ngati zina mwa izi zinachitika, muuzeni dokotala mosabisa, chifukwa zimasintha mmene ayenera kuwerengera nambala ya Breslow.

Chachitatu, melanoma ya kuphazi imafalikira cham'mbali pansi pa khungu lochindikala kupitirira pamene mtundu wakuda wathera. Diso limaona malire pena, khansa ili patsogolo. Ndiponso kuphazi kulibe khungu lapadera lokokera, choncho kudula motambalala kumafuna kumatapo khungu lochokera pantchafu kapena pena.

Opaleshoni yachiwiri si yosankha

Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Kudula koyamba kumasiya malire a milimita imodzi mpaka itatu chabe, chifukwa cholinga chake ndi kudziwa matenda. Bala limapola, lipoti mwina limati clear, bwana akufuna munthu kuntchito, ndipo tsiku la opaleshoni yachiwiri limadutsa. Koma maselo amwazikana m'khungu lozungulira amachotsedwa ndi opaleshoni yachiwiriyo. Malire ake amatengera kuzama: theka la sentimita mpaka sentimita imodzi pa melanoma imene sinalowe pansi, yolembedwa in situ, sentimita imodzi pa yosapitirira milimita imodzi, sentimita imodzi mpaka awiri pa ya milimita imodzi mpaka iwiri, masentimita awiri pa yopitirira mamilimita awiri. Kudula mopitirira apa sikunaonetse phindu lina, ndiye musadandaule kuti anachotsa pang'ono ngati miyezoyi inakwanira. Pa chikhadabo, nthawi zambiri amachotsa nsonga ya chala pa mfundo yoyandikira.

Madokotala amayesetsa kuti opaleshoniyi ichitike mkati mwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi kuchokera pa kudula koyamba. Tsiku likasunthidwa, musachoke pawindo musanapatsidwe lina lolembedwa pakhadi. Ngati ndi pansi pa phazi, konzekerani milungu ingapo yosaponda, pemphani kalata ya dokotala ndi ndodo zoyendera. Lamulo la ntchito la dziko lino limapatsa wogwira masiku asanu pamlungu masiku 30 a tchuthi cha matenda cholipidwa m'zaka zitatu zilizonse, akatha miyezi isanu ndi umodzi pantchito, ndipo antchito a m'nyumba ali momwemo. Osuta fodya asiye nthawi imeneyi, chifukwa khungu lomatidwa limalephera kugwira ngati magazi sakuyenda bwino.

Funso la mwanabere lifunsidwe opaleshoniyi isanachitike, osati itatha. Pali njira yofufuzira mwanabere woyamba kulandira madzi ochokera pamalo a chotupa, yolembedwa sentinel node biopsy, imene Donald Morton anaifalitsa mu 1992. Amabaya pafupi ndi chipsera mankhwala ooneka pa makina ndi utoto wabuluu, n'kutsatira kumene zapita, n'kuchotsa mwanabere mmodzi kapena awiri okayeza. Mkodzo umasintha mtundu kwa tsiku limodzi kapena awiri, si vuto. Pa T1a njirayi nthawi zambiri siichitika chifukwa osakwana 5 mwa 100 amapezeka ndi khansa mwa mwanabere. Pa T1b amakambirana, popeza ndi 5 mpaka 10 mwa 100. Chotupa chikapitirira milimita imodzi imalimbikitsidwa. Imafunika kuchitika pamodzi ndi opaleshoni yachiwiri chifukwa kudula motambalala kumasokoneza njira za madzi, ndipo utoto ungasochere n'kuloza mwanabere wolakwika. Amene sanachitidwe njirayi siteji yake ndi yongoyerekeza, ndipo anabere ake ayenera kuyang'aniridwa mwachidwi, mwina ndi sikani ya ultrasound. Amene anachitidwa n'kupezeka bwino chiopsezo chake chatsika kwambiri, koma sichinathe, chifukwa khansa imathanso kuyenda m'magazi osadzera mwa anabere.

Za munthu mwiniwake

Zinthu zina sizili palipoti. Amuna ndi achikulire melanoma imawabwerera kwambiri kusiyana ndi akazi ndi achinyamata. Ya m'mutu ndi m'khosi ndi yovutirapo kusiyana ndi ya pamkono kapena pantchafu. Izi simungazisinthe. Chimene mungachigwire ndi chitetezo cha m'thupi, chifukwa melanoma ndi khansa imene chitetezo chimalimbana nayo kwambiri. Amene ali ndi HIV asadumphe ma ARV, ndipo auze a kukiliniki kwawo za melanoma, auzenso dokotala wa khansa za HIV, popeza mafayilo a zipatala ziwiri salankhulana okha. Amene anaikidwa impso, kapena amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo chifukwa cha nyamakazi kapena matenda ena, asasiye okha, koma madokotala awo akambirane. Kutenga mimba pambuyo pa melanoma sikunaoneke kuti kumaibweza, komabe wa chotupa chozama amalangizidwa kudikira zaka ziwiri kapena zitatu, chifukwa imeneyo ndi nthawi imene kubwerera kumachuluka ndipo chithandizo chake chimavuta mayi ali woyembekezera.

Kudziyang'ana kamodzi pamwezi

Melanoma yobwerera kawirikawiri amayamba kuizindikira ndi wodwala mwini kapena wa m'nyumba mwake, pakati pa masiku a kuchipatala. Sankhani tsiku losaiwalika, monga lolandira malipiro, ndipo chitani masana pafupi ndi windo. Babu la m'chipinda silionetsa bwino kusiyana kwa mitundu pakhungu lakuda. Mufunika galasi la m'manja, rula ya mamilimita ndi foni. Zonse zimatha m'mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu.

Yambani pachipsera. Chiyang'aneni, kenako tsekani maso n'kuchisisita ndi nsonga za zala zitatu, mukukanikiza pang'ono, chifukwa khansa yobwerera nthawi zambiri imayamba ngati kanjere kolimba pansi pa khungu kasanaoneke. Sisitani chipsera chonse ndi masentimita awiri mbali iliyonse. Pakhungu lathu chipsera chimada ndipo china chimatukuka, ndiye phunzirani kusiyanitsa. Kuda kwa kupola kumayenda mofanana mzere wonse, kumabwera m'miyezi yoyamba, kenako kumaima kapena kuzilala. Chokayikitsa ndi kadontho kapena kachotupa pamalo amodzi, kamene kabwera chipsera chitakhazikika kale ndipo kakukula mwezi ndi mwezi. Sikuti kamakhala kakuda nthawi zonse, kangakhale kofiirira kapena kofanana ndi khungu. Musalole kubayidwa jakisoni wophwetsa chipsera pa chotupa chatsopano dokotala amene akudziwa mbiri yanu asanachione, ndipo musapakepo mafuta oyeretsa khungu, amabisa chizindikiro chimene mukufuna kuchiona. Khungu lomatidwa pansi pa phazi limatha kunyuka ndi nsapato, koma chilonda chimene sichikupola pakatha milungu itatu mutasintha nsapato ndi kupumitsa phazi chiyenera kukayezedwa.

Kenako tsatirani njira yochokera pachipsera kupita kwa anabere. Ngati chinali kuphazi, sisitani mwendo wonse ndi chikhatho kuchokera pakakolo, katumba, kuseri kwa bondo, m'kati mwa ntchafu mpaka m'mphechepeche. Malo amenewa anthu amawadumpha, koma khansa imatha kuima panjira n'kumera timatotupa tingapo totsatana. Kuseri kwa bondo n'kofunika makamaka ngati chotupa chinali pachidendene kapena cha kunja kwa phazi. Pindani bondo pang'ono kuti minofu ifewe musanakanikize. M'mphechepeche muyang'ane mutagona chagada: yendetsani zala m'mpindiko wa pakati pa mimba ndi ntchafu, kenako tsikani masentimita khumi cham'kati mwa ntchafu.

Ngati chinali kudzanja, yendani mkono wonse, gwirani pamwamba pang'ono pa chigongono cham'kati, kenako m'khwapa. Musakweze mkono m'mwamba, khwapa limalimba ndipo simumva kanthu. Usiyeni ulendewere, lowetsani zala za dzanja linalo m'mwamba mwenimweni mwa khwapa, n'kutsika mukukanikiza kunthiti. Ngati chinali m'mutu kapena kumaso, gwirani kutsogolo ndi kuseri kwa makutu, pansi pa chibwano, mbali zonse za khosi, ndi m'maenje a pamwamba pa mafupa opingasa a m'mapewa. Cha pamsana kapena pamimba, makamaka cha pakati, madzi ake angapite mbali iliyonse, choncho yang'anani makhwapa onse awiri ndi mphechepeche zonse ziwiri.

Nthawi zonse yerekezani ndi mbali inayo. Ambiri a ife amene tinakula tikuyenda opanda nsapato tili ndi timabulumwa tating'ono tofewa m'mphechepeche mbali zonse, ndipo n'chifukwa chake ndi bwino kutidziwa mwezi woyamba. Mwanabere wa matenda wamba amapweteka, amakhala wofewa, pamakhala bala kapena chithupsa chapafupi chimene chamuyambitsa, ndipo amaphwa m'milungu iwiri. Wokayikitsa ndi wolimba, wosapweteka, wopitirira sentimita imodzi, wa mbali ya chipsera, wosaphwa kapena womakulirakulira.

Malizani ndi khungu lonse, popeza amene anadwalapo melanoma ali pachiopsezo chachikulu chodwala ina yatsopano pamalo ena. Onani pansi pa mapazi onse ndi galasi, pakati pa zala, zikhatho, zikhadabo zonse 20 zopanda utoto, ndipo wina akuoneni pamsana ndi m'mutu. Mizere yakuda m'zikhadabo zingapo ndi yachibadwa kwa anthu akuda ambiri. Woopsa ndi mzere wa chala chimodzi, wopitirira mamilimita atatu m'lifupi, womakulirakulira, kapena umene mtundu wake wadumphira pakhungu la m'mbali mwa chikhadabo. Pansi pa phazi, banga latsopano lopitirira mamilimita 7 likaonedwe ndi dokotala wa khungu. Chilichonse chimene mwachikayikira chijambuleni rula ili pambali, pamtunda womwewo ndi kuwala komweko mwezi uliwonse. Chithunzi chopanda rula sichithandiza, chifukwa kuyandikitsa foni pang'ono kumakulitsa banga.

Mukapeza kanthu

Musadikire tsiku lolembedwa pakhadi. Bwererani kuchipatala chimene chinakuchitani opaleshoni ndi khadi lanu ndi nambala ya fayilo, mkati mwa mlungu umodzi kapena iwiri. Ngati njira ikufuna kuti muyambire kukiliniki ya kwanuko, kaya ku Hillbrow, ku Rosettenville kapena ku Diepsloot, onetsani lipoti musanafotokoze china chilichonse. Kuno mwanabere wotupa amaganiziridwa kaye kuti ndi TB, HIV kapena majeremusi, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi choncho, ndiye namwino wosadziwa mbiri yanu sangalakwe kukupatsani mankhwala opha majeremusi. Koma kwa amene anachotsedwapo melanoma, mwanabere wolimba wa mbali ya chipsera amafunika sikani ya ultrasound ndi kutengako maselo ndi singano yopyapyala, imene amaitcha FNA. Mankhwala a majeremusi akatha chotupa chilipobe, musalandire ena achiwiri, pemphani kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu.

Melanoma yopita kutali imakonda mapapo, chiwindi, ubongo, mafupa ndi khungu la malo ena. Chifuwa chosatha kupitirira milungu itatu chimene mayeso a TB sanachipeze, kuwonda popanda chifukwa, ululu wa fupa limodzi wosaleka usiku, maso achikasu, kapena tinjere tolimba pansi pa khungu pamalo pamene panalibe kanthu, zonsezi zinenedwe pamodzi ndi mbiri ya melanoma. Mutu watsopano wopweteka kwambiri m'mawa limodzi ndi kusanza, kugwa ngati khunyu, kufooka mbali imodzi, kapena kusokonezeka polankhula ndi za kuchipatala cha ngozi tsiku lomwelo.

Masiku a kuchipatala amatengera siteji. Malangizo a ku America a NCCN, amene madokotala ambiri amawatsatira, amati wa siteji 1A mpaka 2A aonedwe miyezi 6 mpaka 12 iliyonse kwa zaka zisanu, kenako kamodzi pachaka. Wa 2B ndi 2C aonedwe miyezi 3 mpaka 6 iliyonse m'zaka ziwiri zoyamba, kenako motalikirako. Pa masiteji otsika, sikani ndi mayeso a magazi ochitidwa popanda chizindikiro sizinaonetse phindu, choncho dokotala amene wangokugwirani ndi manja osakutumizani ku sikani ya CT sanakunyalanyazeni. Pa 2B ndi 2C sikani za nthawi ndi nthawi zimaganiziridwa. Kwa omwewa kulinso mankhwala a m'diripi odzutsa chitetezo cha m'thupi operekedwa kwa chaka chimodzi opaleshoni itatha: pembrolizumab anavomerezedwa pa masiteji amenewa ku America mu 2021, nivolumab mu 2023. Amachepetsa kubwerera, koma ndi okwera mtengo kwambiri, sapezeka mosavuta m'zipatala za boma, ndipo amatha kuwononga chithokomiro, matumbo kapena mapapo, mwina mpaka kalekale. Amene ali ndi medical aid afunse dokotala wa khansa. Kubwerera kwambiri kumachitika m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba, koma chotupa chopyapyala chimatha kubwerera mochedwa, ngakhale patatha zaka 10, choncho kutulutsidwa m'kaundula wa kuchipatala si chifukwa chosiyira kudziyang'ana.

Dzuwa silibweza melanoma ya kuphazi, ndipo mafuta oteteza ku dzuwa sangalowe m'malo mwa zimene zanenedwazi. Limakhudza kwambiri amene melanoma yawo inali pamalo oonekera, akhungu loyera, ndi abale athu achialubino, amene khansa zina za pakhungu zimawavutitsa kwambiri ndipo melanoma yawo ingakhale yopanda mtundu wakuda. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo dzuwa lake limawotcha ngakhale mphepo ikuzizira. Dzitetezeni ndi chipewa cha khonde lalikulu, malaya a manja aatali, mthunzi kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko, ndi mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa, makamaka okhala ndi chidindo cha CANSA, bungwe lolimbana ndi khansa la dziko lino. Kasupuni ka tiyi kamodzi kakwanira nkhope, makutu ndi khosi, kamodzinso mkono uliwonse, ndipo mupakenso pakatha maola awiri kapena mukatuluka thukuta.

Ulendo wa kumudzi umadula ndondomeko ya anthu ambiri. Ngati mukukwera basi ku Park Station mu Disembala, pemphani kuti tsiku lanu loonedwa likhale musananyamuke, osati mu Januwale. Tengani makope a malipoti onse ndi kalata yofotokoza opaleshoni, zithunzi zake muzitumizenso kwa wachibale pa WhatsApp kuti foni ikatayika zisatayikire limodzi. Pakapepala ka m'chikwama lembani mawu akuti melanoma, malo amene inali, nambala ya Breslow, siteji, tsiku la opaleshoni, ngati mwanabere anayezedwa, ndi nambala ya ku labotale. Amene akubwerera kwawo osadzabweranso apemphe kalata yowatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Mzuzu Central, ndipo akalembetse atangofika, chotupa chisanaoneke. Mwendo umene unachotsedwa mwanabere umatha kutupa pa ulendo wautali wa basi, choncho tsikani n'kuyendayenda pa malo alionse oimapo. Kutupako kukapanda kuphwa pakatha masiku awiri kapena atatu mutafika, kapena katumba akamapweteka ndi kutentha, pitani kuchipatala cha komweko.